Wopanga Makatuni Angaphunzire Zambiri ku Chigwa cha Shire

Katswiri wopanga makatuni ndi zithunzi zoyenda pa kompyuta luso lake limazilala akamangobwereza zomwe anazolowera. Chimene chimamudzutsa ndi nkhani yatsopano komanso anthu atsopano oti aionere, ndipo zonsezi ku Chikwawa ndi ku Nsanje ziliko.

Mu Januwale 2022, namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy anamiza midzi ndi minda m'chigwachi. Kanema wochenjeza anthu a ku Makhanga kuti asamukire kumtunda amafuna nzeru zina. Akhale wamfupi ndi wopepuka pa WhatsApp, poti bandulo ndi yodula. Mawu akhale a Chisena kapena Chimang'anja. Madzi a mtsinje wa Ruo akamakwera, mzere wosonyeza pamene afika uzioneka bwino ngakhale pa foni yaing'ono, ndipo nyimbo yake ikhoza kukhala ya ulimba.

Chida sichisowa, pakuti pulogalamu ya Blender ndi yaulere. Msika nawo ukukula: makatuni a Supa Team 4, omwe anayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023.