Cizungulire ndi Matenda a Cithokomiro

M'phunziro lathu la zaumoyo la lero tikamba za anthu amene amaona dziko likuzungulira pamene iwo ali ciimire, ndiponso za kaciwalo kakang'ono ka pakhosi kochedwa cithokomiro. Cherani khutu, pakuti mwina m'mudzi mwanu muli munthu amene amasekedwa kuti ndi cidakwa, koma iye ali wodwala.

Tiyambe ndi funso ili: kodi n'ciani cimene cimakuthandizani kuima ndi kuyenda osagwa? Mudziwa kuti mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Thupi la munthu nalonso liri ndi mafuwa ake atatu. Loyamba ndi maso. Laciwiri ndi mapazi pamodzi ndi mfundo za miyendo, zimene zimauza ubongo ngati mwaponda pa mcenga kapena pa thanthwe. Lacitatu liri m'kati mwenimweni mwa khutu. M'menemo muli timipope titatu topindika, todzala ndi madzi. Mukatembenuza mutu, madziwo amasuntha ndi kugwedeza titsitsi tating'ono, ndipo titsitsito timatumiza uthenga ku ubongo. Pafupi ndi timipopeto pali timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tocepa koposa mcenga. Timiyalati ndito timadziwitsa munthu kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba.

Aphunzitsi, phunziro likatha muturutse ana pabwalo. Mwana mmodzi azungulire kasanu, kenaka aime, anzake awiri atamgwira. Adzanena kuti mitengo ikuyenda. Cifukwa cake muwaonetse ndi ndowa ya madzi: takasani madziwo ndi kamtengo, mucotse kamtengoko, ndipo ana adzaona kuti madzi akali kuzungulira. Ndi mmene zimacitikira m'khutu. Maso akuti munthu waima, khutu likuti akali kuzungulira, ndipo ubongo umasokonezeka. Mwanayo adzakhala bwino posacedwa. Koma wodwala amamva zomwezo asanazungulire konse, ndipo zimabwerabwera kwa miyezi kapena zaka.

Tsopano tibwere ku cithokomiro. Ciwalo cimeneci ciri kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Cimaoneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, ndipo mwa munthu wamkulu cimalemera pafupifupi magalamu 20. Nchito yake ndi kupanga timadzi tochedwa mahomoni, timene timayenda m'magazi ndi kulamulira liwiro la thupi: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, ndi mphamvu ya minofu.

Ambiri a inu munaonapo munthu wotupa pakhosi. Kawirikawiri kutupako kumadza cifukwa cosowa ayodini m'zakudya, ndipo n'cifukwa cake mcere wa m'sitolo amauthira ayodini. Koma matenda amene tikukamba lero ndi ena. M'magazi athu muli asilikali amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizirombo ta matenda. Nthawi zina asilikali amenewa amasokera, nayamba kumenya cithokomiro ca mwini thupi. Akaciononga pang'onopang'ono, mahomoni amacepa. Munthu amatopa msanga, amamva kuzizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, amanenepa, khungu limauma, ndipo amaiwalaiwala. Matendawa anawafotokoza dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, m'caka ca 1912, ndipo amachulidwa ndi dzina lake. Asilikali ena amakankha cithokomiro kuti cigwire nchito mopitirira. Pamenepo mtima umathamanga, manja amanjenjemera, munthu amaonda ngakhale akudya kwambiri, ndipo nthawi zina maso amatong'oka. Awa ndi matenda a Graves, dzina la dokotala wa ku Dublin amene anawalemba m'caka ca 1835. Matenda awiriwa amagwira akazi koposa amuna, amayenda m'mabanja, koma sapatsirana.

Nanga cithokomiro ca pakhosi cigwirizana bwanji ndi cizungulire? Mahomoni akacepa, minofu ndi mitsempha zimagwira nchito mocedwa, cotero munthu amayenda mwadzandidzandi. Akacuruka, mtima umagunda mosalongosoka ndipo mutu umapepuka. Odwala ena a Hashimoto amasowanso vitamini B12, mapazi ao amacita dzanzi, ndipo fuwa laciwiri lija limafooka. Madokotala apezanso kuti matenda awiri a m'khutu amapezeka kawirikawiri mwa anthu odwala cithokomiro.

Oyamba amadza pamene timiyala tija tathothoka ndi kulowa m'kampope kamodzi. Munthu akatembenuka pa mphasa kapena akayang'ana kumwamba, nyumba imazungulira kwa nthawi yosafika mphindi imodzi. Dokotala wa ku America, John Epley, anafalitsa m'caka ca 1992 njira yotembenuza mutu wa wodwala mwadongosolo kuti timiyalato tibwerere kwao, ndipo ambiri amacira nayo. Nchito imeneyi ndi ya anthu a cipatala amene anaiphunzira. Matenda aciwiri ndi amene dokotala wa ku Paris, Prosper Ménière, anawafotokoza m'caka ca 1861. Madzi amacuruka m'kati mwa khutu, cizungulire cimatenga mphindi 20 kufikira maola angapo, munthu amasanza, khutu limalira, ndipo kumva kumacepa. Wodwala wotere amauzidwa kucepetsa mcere. Onani tsono kuopsa kwa uphungu wa pamseu: wina akamuuza kuti adye mcere wambiri cifukwa ali ndi cithokomiro, amuonjezera matenda.

Munthu angathe kukhala zaka zambiri ndi matendawa akugwira nchito zake. Coyamba ndi kupimitsa magazi ku cipatala, pakuti malungo, kucepa kwa magazi ndi njala nazonso zimadzetsa cizungulire. Ngati mahomoni ndi ocepa, wodwala amapatsidwa mankhwala ochedwa levothyroxine. Amamwa tsiku ndi tsiku m'mamawa ndi madzi okha, nadikira mphindi 30 kufikira ola limodzi asanadye. Mapiritsi oonjezera magazi ayenera kutalikirana ndi mankhwalawa maola 4. Ambiri amamwa moyo wao wonse, ndipo kuleka cifukwa cakuti thupi lapeza bwino ndiko kuitananso matenda. Mlingo ukasinthidwa, magazi amapimidwanso patapita masabata 6 kufikira 8, cifukwa mankhwala ocuruka nawo amathamangitsa mtima.

Caciwiri ndi kupewa ngozi. Wodwala adzuke pang'onopang'ono, ayambe wakhala tsonga asanaime. Usiku akhale ndi nyali pafupi, pakuti mumdima maso sathandiza ndipo mphika umatsala pa mafuwa awiri. Asaweramire pa citsime, asakwere pa denga kapena mumtengo, ndipo asapalase njinga pa tsiku loipa. Cizungulire cikamgwira, akhale pansi pomwepo, kutali ndi moto, ayang'ane cinthu cimodzi cosayenda. Koma asagone masiku onse m'nyumba cifukwa ca mantha. Ubongo umaphunzira kudalira mafuwa otsala pamene munthu akuyenda ndi kucita zolimbitsa thupi zimene acipatala amuonetsa.

Pali zizindikiro zina zosayenera kudikira kuti kuce. Ngati cizungulire cadza pamodzi ndi kupotoka kwa pakamwa, kulephera kulankhula bwino, kufooka kwa dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena mutu wowawa koopsa, itanani akuluakulu athamange naye ku cipatala nthawi yomweyo. Zimenezo zingakhale sitiroko.

Ana inu, nchito yanu ndi iyi. Mukaona munthu akudzandira, musathamangire kuseka kapena kunena za mowa ndi ufiti. Mpatseni dzanja, mumkhazike pamthunzi. Ngati ndi amai anu kapena agogo, atungireni madzi, cotsani zokhumudwitsa pakhomo, ndipo akumbutseni mankhwala m'mawa. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Inunso aphunzitsi, mwana amene wayamba kuwodzera m'kalasi, kumva kuzizira ndi kutsalira pa msinkhu, musafulumire kumucha waulesi. Kambiranani ndi makolo ake kuti akapimidwe.

Tisanatsazikane, lembani mafunso awa m'mabuku anu. Chulani mafuwa atatu amene amathandiza munthu kuima. Kodi n'cifukwa ciani wodwala cizungulire amavutika kwambiri usiku? Nanga ndi zizindikiro ziti zimene zifuna kuthamangira ku cipatala? Mayankho mukambirane ndi aphunzitsi anu. Tsalani bwino, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.