Chitsulo chomwe timaika m'fupa

Ambiri othyoka fupa la ntchafu amene amatipeza ku Kamuzu Central kuchokera ku Mitundu ndi ku Nathenje amakhala kuti agwa panjinga yamoto ya kabaza, apondedwa ndi ngolo, kapena agundidwa pamsewu wa M1. Tikati tiwaika chitsulo m'mwendo, achibale amafunsa chimodzimodzi: "Adokotala, nanga sichichita dzimbiri m'thupimo?"

Funsoli n'lomveka. M'thupi muli madzi amchere, ofunda usana ndi usiku, moti msomali wa kuhadiweya utalowamo ungadyeke n'kuwononga mnofu. Ife timagwiritsa ntchito stainless steel ya mtundu wa 316L, yosakaniza ndi chromium, nickel ndi molybdenum. Chromium imapanga kakhungu kosaoneka ndi maso pamwamba pa chitsulocho, ndipo kakakandika kamabwererapo kokha. Kameneko ndi kamene kamatchinga dzimbiri. Zoti chitsulochi chimakoka mphezi, ayi, chotsaniko mtima.

Msomali wautali wa SIGN, womwe timaulowetsa m'kati mwa fupa modutsa mafuta a m'fupa, ndi wa stainless steel. Bungwe lake analiyambitsa Dr Lewis Zirkle ku America mu 1999, ndipo anaukonza moti dokotala atha kuuika popanda makina a X-ray m'chipinda cha opaleshoni. Popanda msomaliwu munthu amagona m'wodi milungu 6 kapena kuposerapo, mwendo atauzendewetsera zolemera, dimba likuuma kumudzi. Woikidwa msomali amadzuka ndi ndodo pakangopita masiku ochepa.

Palinso titanium. Ndi yopepuka, ndipo fupa limamera n'kuikumbatira. Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anaona zimenezi pa fupa la kalulu m'ma 1950. N'chifukwa chake imayenera pa dzino loikirira kapena m'chiuno, pomwe chitsulo chikhale moyo wonse. Koma ndi yodula, komanso pomwe tidzafune kuchotsa, monga mwa mwana amene akukula, kukumbatirako kumatipatsa ntchito. Ngati ndolo kapena wotchi yotchipa imakutulutsani zidzolo, tiuzeni opaleshoni isanachitike, chifukwa kawirikawiri imakhala nickel, yomwe ilinso mu stainless steel ija.

Chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi tizilombo. Tikamatirira pachitsulo timadzikuta ndi kanembanemba komwe mankhwala amalephera kuboola, mafinya n'kumangotuluka miyezi ndi miyezi. Ndiye fupa likatulukira kunja, bala litalowa dothi, nthawi zambiri timayamba tatsuka n'kuligwira ndi zitsulo zakunja kwa khungu. Chonde, balalo musathiremo phulusa kapena zitsamba. Mangani ndi nsalu yoyera, thamangani ndi wovulalayo kuchipatala tsiku lomwelo.

Chitsulo sichilumikiza fupa. Chimangoligwira kuti lilumikizike lokha, ndipo pa sitepe iliyonse chimapindika pang'ono. Mukudziwa mmene waya amadukira mukamamupinda uku ndi uku. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu limafuna miyezi 3 mpaka 6, ndipo kusuta fodya kumalichedwetsa. Bambo akaona kuti ululu watha n'kuyamba kusenza matumba a chimanga fupa lisanagwirane, katundu yense amatsikira pamsomali mpaka umathyoka. Kuutulutsa wothyokawo ndi opaleshoni yovuta kuposa yoyamba ija. Tsiku lodzajambulitsa lomwe timalemba m'buku lanu lachipatala musalidumphe, ngakhale mwendo ukumveka bwinobwino. Chithunzicho ndi chimene chimatiuza kuti mutha kutaya ndodo.