Mafupa akale akuulula gwero la miliri

M'chaka cha 1922, boma la atsamunda lidalengeza kuti nkhalango ya kumadzulo kwa boma la Kasungu ndi yotetezedwa. Anthu omwe ankakhala m'menemo adasamutsidwa kaamba ka matenda a kaodzera, omwe amafala ntchentche za kashembe zikaluma nyama yakutchire kenaka n'kudzaluma munthu.

Malowo ndiwo adasanduka Kasungu National Park mu 1970, ndipo mpaka lero m'menemo muli mabwinja, ng'anjo zosungunuliramo chitsulo komanso zojambula za pamiyala.

Choncho kwa anthu a kwa Mwase ndi madera oyandikana nawo, nkhani ya matenda ochokera kunyama si yongomva pawailesi ayi. Idasamutsapo midzi, anthu n'kusiya minda ndi manda a makolo awo.

Masiku ano maina a matenda achilendo sakutha m'kamwa. Covid-19 idalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, ndipo mu Epulo 2025 unduna wa zaumoyo udalengeza kuti kwapezeka odwala Mpox. Koma kodi matenda amene timati ndi atsopanowa ndi atsopanodi? Nanga amayamba bwanji?

Mabuku a m'zipatala zathu sangayankhe mokwanira poti adayamba kulembedwa amishoni atafika, zaka pafupifupi 150 zapitazo. N'chifukwa chake akatswiri a sayansi akufunsa mboni zina: mafupa ndi mano a anthu omwe adamwalira kalekale.

Dzino limasunga mbiri

Matenda ena amasiya chizindikiro pafupa. Chifuwa chachikulu chikalowa mumsana chimadya mafupa mpaka munthu kuchita linunda. Khate limanyenya mafupa a mphuno ndi a zala. Chindoko chokhalitsa chimasiya zipsera pachigaza ndi kutupitsa fupa la msongolo. Katswiri akaona fupa lotere amadziwa chomwe chidasautsa mwini wake.

Koma matenda opha msangamsanga sasiya chipsera chifukwa munthu amatsikira kulichete fupa lisanasinthe. Apa ndiye pamafunika dzino.

M'kati mwa dzino lililonse muli kamphako momwe mumadutsa mitsempha ya magazi. Munthu akamwalira tizirombo tili m'magazi, zidutswa za DNA ya tizirombo timeneto zimatsalira m'kamphakomo, zitatchingidwa ndi chikamba cholimba cha dzino. DNA ndi malangizo a chibadwa opezeka m'zamoyo. Ndiyo imachititsa mwana kufanana ndi makolo ake, ndipo ndiyo imasiyanitsa kachirombo ka malungo ndi ka chifuwa chachikulu.

Akatswiri amaboola dzino n'kutengamo ufa wochepa kwambiri, wongokwana kunsonga ya supuni ya tiyi. Ntchitoyi amaigwira m'chipinda chotsekedwa, atavala zophimba thupi lonse, kuopa kuti malovu kapena thukuta lawo lingasakanikirane ndi ufawo. Makina ndiwo amawerenga zidutswazo, kompyuta n'kuzilumikiza ndi kuzifananitsa ndi za tizirombo tomwe tilipo lero.

Luso lowerenga DNA yakale ndi lomwe lidapezetsa Svante Pääbo wa ku Sweden mphotho ya Nobel mu 2022.

Zomwe zidapezeka ku Hora

Kutentha ndi chinyezi zimaononga DNA. Kaamba ka ichi, kwa nthawi yaitali ambiri ankaganiza kuti lusoli silingagwire ntchito m'maiko otentha ngati lathu lino. Mapanga ouma a m'mapiri a Malawi adathandiza nawo kusintha maganizowo.

Kumpoto kwa Kasungu, m'boma la Mzimba, kuli phiri la Hora komwe Angoni amachitira mwambo wa Umthetho. Mu 1950, J. Desmond Clark ndi W.H.J. Rangeley adakumba m'phanga lina la m'tsinde mwa phirili n'kupeza mafupa a anthu awiri, mwamuna ndi mkazi. Mafupawo adakasungidwa kusukulu yaukachenjede ya Cape Town m'dziko la South Africa.

Patatha zaka 67, mu 2017, gulu la akatswiri momwe mudali Pontus Skoglund, David Reich ndi Jessica Thompson lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wa DNA ya anthu akale a mu Africa. Ena mwa anthuwo adali a ku Hora, ena a kuphanga la Fingira ku Nyika ndipo ena a ku Chencherere m'boma la Dedza. Mmodzi wa ku Hora adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 8,100 zapitazo.

Kafukufukuyo adapeza kuti anthuwa, omwe ankadalira ulenje ndi kutola zakutchire, adali pachibale ndi Asan a kummwera kwa Africa komanso Ahadza a ku Tanzania. Mtundu wawo udakhala kuno mpaka zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, koma magazi awo sakuoneka kwenikweni mwa Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni omwe adayezedwa. Izi zikukumbutsa zomwe agogo amasimba za Akafula, aja ankafunsa mlendo kuti wawaonera pati.

Thompson adayambanso kukumba ku Hora mu 2016 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Mu 2022 kudatuluka zotsatira zina, zokhudza makanda awiri omwe adaikidwa m'phangalo zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo. DNA yawo ili m'gulu la yakale kwambiri yomwe idawerengedwapo kummwera kwa chipululu cha Sahara. Kafukufuku yemweyo adaunikanso mafupa a kuphanga la Kalemba m'chigawo cha kummawa cha Zambia.

Cholinga cha akafukufuku awiriwa chidali kudziwa mtundu ndi mayendedwe a anthuwo. Komabe adatsimikiza mfundo yofunika kwa azaumoyo, yoti mapanga a kuno atha kusunga DNA kwa zaka zikwizikwi.

Mnyamata wa ku Ballito Bay

Phindu la mfundoyi lidaoneka ku South Africa. Ku Ballito Bay, m'mbali mwa nyanja yamchere m'chigawo cha KwaZulu-Natal, kudapezeka mafupa a mnyamata wa zaka pafupifupi 7 yemwe adamwalira zaka 2,000 zapitazo. Mafupa ake adaonetsa zizindikiro za kuchepa kwa magazi.

Mu 2023, akatswiri motsogozedwa ndi Riaan Rifkin wa kusukulu yaukachenjede ya Pretoria adalengeza kuti m'mafupa a mwanayo adapezamo DNA ya kachirombo kotchedwa Rickettsia felis. Kachiromboka kamafala ndi nthata za amphaka ndi agalu. Asayansi adakazindikira koyamba mu 1990, ndipo kankawerengedwa m'gulu la matenda ongobuka kumene. Mwana wa ku Ballito Bay adaonetsa kuti kakhala pakati pa anthu a mu Africa kwa zaka zosachepera 2,000.

Nkhaniyi ikukhudza banja lililonse. Wodwala matendawa amatentha thupi, mutu umamuwawa ndipo amaphwanya m'thupi, chimodzimodzi malungo. Ku Kenya ndi ku Senegal, kachiromboka kadapezekapo mwa odwala otentha thupi omwe adalibe malungo. Mankhwala a malungo sakapha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe azaumoyo amanenera kuti munthu ayambe wayezetsa magazi asanamwe LA, m'malo mongogula mapiritsi pagolosale.

Khola, nkhokwe ndi makoswe

Mu 2025 kudatuluka kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Martin Sikora ndi Eske Willerslev a ku Copenhagen. Iwo adaunika mafupa ndi mano a anthu 1,313 omwe adakhala ku Ulaya ndi ku Asia m'nyengo zosiyanasiyana, ena zaka 37,000 zapitazo. Adapeza kuti matenda ochokera kunyama adayamba kuoneka zaka pafupifupi 6,500 zapitazo ndipo adachuluka zedi zaka 5,000 zapitazo, anthu atazolowera kukhalira limodzi ndi ziweto.

Chikuku nacho chili ndi mbiri yofanana. Mu 2020 akatswiri adaunika mapapo a mwana yemwe adamwalira ku Berlin mu 1912, omwe adasungidwa m'botolo. Adapeza kuti kachirombo ka chikuku kadapatukana ndi ka mliri wa ng'ombe wa rinderpest mwina zaka 2,500 zapitazo. Rinderpest ndi mliri womwe udapulula ng'ombe ndi njati mu Africa m'zaka za m'ma 1890, ndipo udathetsedwa padziko lonse mu 2011.

Mliri wa makoswe, womwe ena amati chaola, udapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, mwinanso kuposa apo, pakati pa 1347 ndi 1351. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankakangana za komwe udayambira. Mu 2022, mano a anthu omwe adaikidwa mu 1338 ndi 1339 pafupi ndi nyanja ya Issyk-Kul m'dziko la Kyrgyzstan adaonetsa kholo la kachirombo komwe kadasakaza Ulaya. Abale ake apafupi akupezekabe m'tinyama tam'mauna ta m'mapiri a kumeneko.

Matendawa sadathe. Adabuka ku Nsanje mu 2002, ndipo ku Madagascar adapha anthu oposa 200 mu 2017. Nthata za makoswe ndi mbewa ndizo zimawafalitsa. Kusiyana kwake n'koti lero amachizika wodwala akathamangira kuchipatala.

Kudziwa zakale kuthandizanji?

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Koma amene akudziwa njira zomwe mliri udadzera kale amadziwa pokatchera.

Mu 1918, chimfine chidapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse. Chidafikanso kuno ku Nyasaland pomwe asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kuchokera kunkhondo. M'mudzi wa Brevig Mission ku Alaska, anthu 72 mwa 80 adafa m'masiku asanu ndipo adaikidwa m'nthaka youndana ndi chisanu. Mu 1997, dokotala Johan Hultin, atapatsidwa chilolezo ndi akuluakulu a mudziwo, adatenga tizidutswa ta mapapo a mayi wina woikidwa m'mandamo. Pofika 2005, chibadwa chonse cha kachiromboko chidali chitawerengedwa, ndipo chidaonetsa ubale ndi chimfine cha mbalame. Lero chimfine cha nkhuku chikabuka, akatswiri ali n'pofananitsira.

Kwathu konkuno, ntchito yofufuza za khate yomwe idayamba ku Karonga mu 1979 inkasunga madontho a magazi ouma papepala. Atawayezanso patapita zaka, adapezamo kachirombo ka HIV m'magazi otengedwa mu 1982, pomwe wodwala Edzi woyamba m'dziko muno adadziwika mu 1985. Magazi ena osungidwa ku Kinshasa kuyambira 1959 adathandiza kuonetsa kuti kachiromboka kadayamba kufalikira mumzindawo cha m'ma 1920.

Kuwerenga chibadwa cha tizirombo kudagwiranso ntchito mu Febuluwale 2022, mwana atapezeka ndi poliyo ku Lilongwe. Zotsatira zidaonetsa kuti kachiromboko kadachokera ku Pakistan, ndipo ana miyandamiyanda m'Malawi ndi maiko oyandikana nawo adalandira katemera.

Manda ndi malamulo

Ngakhale zili choncho, fupa la munthu si mwala wamba. Pachichewa, kumanda salowako chisawawa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo malo ambiri otere ndi a dambwe. M'zaka zapitazi, mabanja a anthu achialubino adalira kawiri pomwe achiwembu ankafukula manda a abale awo pokhulupirira bodza loti m'mafupa muli chizimba cha chuma. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa lamulo la Anatomy Act kuti wopezeka ndi mafupa kapena ziwalo za munthu popanda chilolezo azilandira chilango chokhwima.

Lamulo lina, la Monuments and Relics Act la 1990, limaletsa kukumba malo a mbiri yakale kapena kutulutsa m'dziko zopezeka m'menemo popanda chilolezo cha boma. Limanenanso kuti wopeza zinthu zotere adziwitse boma.

Palinso funso la mwini mafupa. Chigaza chomwe chidapezeka mumgodi ku Kabwe mu 1921 chidapita ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Mu 2021 akatswiri oposa 60 a m'maiko osiyanasiyana adagwirizana mfundo zoti ofufuza azitsata malamulo a dziko lomwe mwapezeka mafupawo, aziononga pang'ono pokha poyeza, ndiponso azikambirana ndi eni dera.

M'zigwa za fodya za Kasungu khasu silipuma. Anthu akukumba zitsime, zimbudzi, maziko a nyumba, dothi la njerwa ndi maenje a mizati ya zigafa. Wokumba akagunda mafupa a munthu pamalo pomwe palibe akukumbukira kuti padali manda, ayenera kusiya kukumba, osawasuntha kapena kuwatsuka, n'kukanena kwa mfumu ndi kupolisi, omwe angathe kudziwitsa nthambi yoona za zinthu zakale.

Kusawasunthako n'kofunika chifukwa phulusa, makala, mikanda ndi mapale ozungulira fupa ndizo zimathandiza kudziwa zaka zake, pomwe kuligwiragwira kumasokoneza DNA. Tizirombo ta m'mafupa akale kwambiri tidafa kalekale, kudangotsala zidutswa. Choyenera kusamala nacho kwambiri ndi dzenje lomwe mudakwiriridwa ng'ombe yofa mwadzidzidzi, poti kachirombo ka anthrax kamatha kukhala m'nthaka kwa zaka makumi angapo kali ndi mphamvu.