Shula ndi lole ya amayi omangidwa

M'timavidiyo ta ku Ndirande ndi ku Bangwe, womasulira filimu sapuma. Amayankhulira aliyense wa pa sikirini, ndipo pakakhala chete amaikapo mawu ake. Filimu ya Rungano Nyoni ya mu 2017, I Am Not a Witch, ingamusowetse chonena, chifukwa mwini nkhani, kamtsikana kotchedwa Shula, amatha mphindi zambiri osatsegula pakamwa.

Nyoni anabadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales. Asanalembe nkhaniyi anakakhala kaye m'mudzi wina ku Ghana kumene amasungirako amayi onamiziridwa ufiti, koma filimuyo anaijambulira ku Zambia. Mumamveka Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chingerezi, moti khutu la Mmalawi silisochera. Inaonetsedwa ku Cannes, ndipo mu 2018 inapata mphoto ya BAFTA.

Mu filimuyi, mayi wina wosenza madzi agwa ataona mwana wachilendo panjira. Basi, mlandu wa ufiti wapezeka. Ku polisi bambo wina akulumbira kuti mwanayu anamudula mkono, pamene mikono yake yonse ili bwinobwino. Shula aperekedwa kwa a Banda, mkulu wa boma, amene amamupititsa kwa amayi okalamba otchedwa mfiti. Aliyense wamangidwa kumsana ndi nsalu yoyera yaitali, yokulungidwa pa chigudumu chonga chija amakulungirapo mawaya a magetsi, ati kuti asauluke. Mwanayo auzidwa kuti asankhe: akadula nsaluyo asanduka mbuzi, akaisiya ndiye kuti wavomera ufiti. Kutacha, nsalu ili chimangire.

Apa ndi pamene ine ndimaimirira. Mafilimu a paulendo, ngati Central Station ya ku Brazil ya mu 1998, amaika mwana pamsewu kuti akafike kwina atasintha. Shula nayenso ali pamsewu nthawi zonse, pa lole yonyamula amayiwo ndi zigudumu zawo kupita nawo kumunda ndi kukaphwanya miyala, ndiponso m'galimoto ya a Banda kupita kukaloza wakuba, kukagwetsa mvula, kukaonekera pa wailesi ya kanema pofuna kugulitsa mazira. Mtunda akuudya, koma kulikonse kumene afika amalekezera pamene nsalu yathera. Ngakhale akazi awo a Banda, amene amavala bwino ndipo amagona m'nyumba yabwino, ali nayo nsalu yawo. Iwo amalangiza mwanayo kuti ulemu umabwera ndi kumvera ndi kukwatiwa, koma tsiku lina atapita kukagula zinthu anthu awazinga n'kumawakuwiza.

Mnzanga wina wa ku Chilomoni ataionera anati nsaluyo ndi chikhalidwe chathu chopondereza amayi, nkhani yatha. Sindikana, koma kutero n'kufulumira. Taonani amene akugwira chigudumu: boma, mfumu, mzungu wofuna mvula, alendo odzajambula zithunzi. Onse akudyerapo. Ndipo nsaluyo ndi yopepuka, ndi lumo limodzi ikhoza kuduka. Chomwe chamanga Shula ndi mantha a mbuzi amene akuluakulu amuika m'mutu.

N'chifukwa chake kukhala chete kwake kumandigwira mtima. Maggie Mulubwa, amene anasewera ngati Shula asanakhalepo mu filimu ina iliyonse, amangoyang'ana, ndipo kamera imachedwa pankhope pake mpaka woonera amayamba kuona akuluakulu mmene mwanayo akuwaonera: anthu aphokoso, ochita zinthu zosamveka. Pali pena pamene amaika fanulo yabuluu kukhutu kuti amve mawu a ana a sukulu akutali. Palibe amene akufotokoza kuti mwanayu akufuna kuphunzira. Mumaona nokha, ndipo zimapweteka kuposa akanalira.

Kumapeto kumagawanitsa anthu. Shula amanena kuti bola akanasankha kukhala mbuzi, kenako amayi aja alandira mtembo wokulungidwa, mvula n'kugwa. Ena amati ndiye kuti analidi ndi mphamvu. Ine ndimati mvula inagwa chifukwa nyengo inakwana, ndipo Nyoni akutiyesa ife oonera ngati nafenso tithamangire kulumikiza zinthu ziwirizi, monga anachitira mayi wa madzi uja. Kuno kwathu lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo.