Madzi Saiŵala Khwaŵa

Inu okhala m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, lero tilingalire za njira ziŵiri zimene munthu amakhalira ndi zolengedwa. Njira yoyamba ndiyo kumvera: munthu apenya nyengo, nakonza moyo wake motsata zimene waona. Yachiŵiri ndiyo kulamula: munthu amanga, atseka, napatutsa madzi kuti apite kumene iye afuna. Ife a ku Nkhotakota tazilaŵa zonse ziŵiri.

Makolo athu anali anthu omvera. Mwera ukayamba kuomba m'miyezi yozizira, msodzi ankakokera bwato lake kumtunda nakhala pansi kusoka ukonde, osaona ngati wachita mantha. Nkhungu zikatuluka ngati utsi pamwamba pa madzi, amayi ankazikola napeza ndiwo. Nyumba ankamanga pokwera, dambo nkulisiyira mpunga. Kwa iwo nyanja inali ngati mnansi wamkulu amene uyenera kudziŵa khalidwe lake. Komabe tisanamizane: moyo umenewo unali ndi misozi yake, pakuti njala, malungo ndi ng'ona zinkatenga anthu popanda woletsa.

Njira yolamula inadza ndi akatswiri a ku Ulaya, amene anazoloŵera kuyesa mtsinje ndi kuuikira malire. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha, ndilo mtsinje wa Shire. Kuyambira m'chaka cha 1915, kwa zaka ngati 20, nyanja inatsika kwambiri mwakuti mchenga unatseka khomolo ndipo Shire analeka kuyenda bwino. Tsono m'chaka cha 1965 anamanga zitseko za madzi pa Liwonde, ndipo mu 1966 makina a pa Nkula anayamba kupanga magetsi. Kuno kwathu chigwa cha Dwangwa chinasanduka minda ya nzimbe yothirira, ndipo fakitale ya shuga inayamba ntchito mu 1979. Zimenezi tisazinyoze. Nyali yoyaka m'chipinda cha amayi oyembekezera usiku, ndi malipiro amene aphunzitsa ana ambiri, ndi zipatso za nzeru imene Mulungu anapatsa munthu.

Koma taonani malire ake. Zitseko za pa Liwonde zimalamula madzi otuluka. Sizilamula mvula yogwa m'mapiri, kapena dzuŵa limene limamwa madzi ambiri a m'nyanja kuposa amene atuluka ndi Shire. Mu 1980 nyanja inakwera modabwitsa. Kenaka inabwerera, anthu anaiŵala, namanga nyumba pamchenga umene inasiya. Mu 2024 inabweranso kudzatenga malo ake. Chaka chomwecho, kumapeto kwa February, mitsinje ya ku Dwangwa inasefukira. Anthu zikwi zambiri anathaŵira m'misasa, ena anataya moyo. Ambiri anafuula kuti zitseko zitsekulidwe. Koma madzi amene tiŵachotsa pakhomo pathu amakafika kwa abale athu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Paja akulu anati madzi saiŵala khwaŵa.

Chimodzimodzinso ndi nsomba. Tsiku limene tinasandutsa ukonde wotetezera udzudzu kukhala khoka, tinayesa kuti tagonjetsa nyanja, pakuti palibe kansomba kopulumuka. Koma wokokolola tiana ta chambo wadya ndiwo za mdzukulu wake, ndipo wopha mpasa pamene ikukwera mtsinje wa Bua kukaswana waotcha nkhokwe pofuna kuphika tsiku limodzi.

Kodi tichite chiyani tsono? Tisapite kutali. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'miyezi ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, natsekula cha mu April. Asodzi ochokera kutali, ena a kuno kwathu, amathamangira kumeneko chifukwa nsomba zilipo. Onani nzeru yake: ulamuliro ulipo ndithu, ndipo ngwokhwima, koma wolamulidwa ndi munthu, osati nyanja.

Buku la Genesis, pamutu woyamba, lipatsa munthu udindo pa zolengedwa. Pamutu wachiŵiri limuika m'munda kuti aziulima ndi kuusunga. Mitu iŵiriyi tisailekanitse. Papa Francis anatikumbutsa zomwezo m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015. Munthu ndi kapitao, mwini munda alipo.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, kambiranani zimenezi. Mwana akafuna malo omangapo, ayambe wafunsa agogo pamene madzi anafika mu 1980. Ukonde wa udzudzu ubwerere kuchipinda. Mitengo ndi mabango a m'mbali mwa mitsinje tizisiye, pakuti ndizo zigwira dothi. Ndipo Chauta, amene anaikira nyanja malire ake, atiphunzitse kudziŵa athu. Amen.