Soya

Soya, yemwe dzina lake la sayansi ndi Glycine max, ndi mbewu ya m'gulu la nyemba. Anayamba kulimidwa ku China zaka masauzande angapo zapitazo, koma masiku ano mayiko amene amalima soya wambiri ndi Brazil, United States ndi Argentina. Mbewuyi imadziwika chifukwa ili ndi zomanga thupi zochuluka, koma thupi limapindula nazo pokhapokha soyayo akakonzedwa bwino.

Zopezeka m'soya

Pa magalamu 100 a soya wouma, magalamu 36 mpaka 40 amakhala mapuloteni ndipo pafupifupi 20 amakhala mafuta. Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino acid. Pali ma amino acid 9 amene thupi la munthu silingapange lokha, ndipo onsewa amapezeka m'soya. Chimanga chili ndi lysine wochepa pamene soya ali naye wambiri, nchifukwa chake ziwirizi zimathandizana zikaphatikizidwa. Phala la Likuni, lomwe limapatsidwa kwa ana m'Malawi, limapangidwa ndi ufa wa chimanga ndi wa soya pa chifukwa chomwechi. Pakhomo, anthu ambiri amasakaniza makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga.

Soya alinso ndi ayironi, kashiamu, potaziyamu, folate ndi zinthu zothandiza kuti munthu asadzimbidwe. Mafuta ake ambiri ndi a mtundu wosaundana, ndipo ena mwa iwo ndi omega-3. Monga mbewu zonse, soya alibe kolesterolo.

Ma isoflavone

Pa zakudya zimene anthu amadya kawirikawiri, soya ndiye ali ndi ma isoflavone ochuluka. Akuluakulu ndi atatu: genistein, daidzein ndi glycitein. Kapangidwe kawo kamafanana ndi ka estrogen, homoni imene imayendetsa msambo wa amayi, choncho amatha kugwira malo amene homoniyi imagwira m'maselo, koma mphamvu yawo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi estrogen weniweni.

Mwa anthu ena, mabakiteriya a m'matumbo amasandutsa daidzein kukhala equol, yemwe ndi wamphamvu kuposa daidzein. Si anthu onse amene ali ndi mabakiteriyawa, choncho anthu awiri odya soya wofanana sapindula mofanana.

Kafukufuku wasonyeza kuti ma isoflavone amachepetsako kutentha thupi mwadzidzidzi kumene amayi ena amamva akamasiya kusamba. Pali mphekesera yoti soya amachepetsa mphamvu za abambo, koma kafukufuku wophatikiza zotsatira za mayeso ambiri anapeza kuti soya sachepetsa testosterone mwa amuna.

Soya ndi mtima

M'chaka cha 1999, bungwe la boma la United States loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linalola makampani kulemba pa katundu wawo kuti kudya magalamu 25 a mapuloteni a soya pa tsiku kungachepetse chiopsezo cha matenda a mtima. Mu 2017 bungweli linapereka maganizo ochotsa chilolezochi ponena kuti zotsatira za kafukufuku watsopano zinali zosagwirizana. Chimene chapezeka ndi chakuti soya amatsitsa kolesterolo woipa pang'ono chabe, pafupifupi 3 peresenti. Phindu limakula munthu akamadya soya m'malo mwa nyama yonona.

Kakonzedwe

Soya wamuwisi ali ndi zinthu zotchinga trypsin, yemwe amagaya mapuloteni m'matumbo. Munthu akadya soya wosapsa bwino amamva m'mimba kupweteka ndipo zomanga thupi zambiri zimangodutsa. Kutentha kumaononga zotchingazi, choncho soya ayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa asanapite kuchigayo.

Fungo la chiwisi limene anthu ambiri amadana nalo limabwera soya wosweka akakhudzana ndi madzi ozizira. Pofuna kulipewa, soya amathiridwa m'madzi owira kale, kenako amachotsedwa makoko ndi kuyanikidwa.

Soya alinso ndi phytate, yemwe amachepetsa ayironi ndi zinki wolowa m'magazi. Kuviika, kumeretsa ndi kusasitsa kumachepetsa phytate. Zakudya monga tempeh wa ku Indonesia komanso miso ndi natto za ku Japan zimapangidwa ndi soya wosasitsa. Kudya soya pamodzi ndi zipatso za vitamini C, monga magwafa ndi malalanje, kumathandiza kuti ayironi alowe bwino m'thupi.

Chenjezo

Anthu ena thupi lawo limadana ndi soya: amatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, ndipo ayenera kumupewa. Soya amachepetsanso kalowedwe ka levothyroxine, mankhwala a chithokomiro, choncho omwa mankhwalawa afunse dokotala za nthawi yoyenera kudya soya. Mkaka wa soya wopanga pakhomo sulowa m'malo mwa mkaka wa m'mawere. Mwana ayenera kuyamwa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi asanayambe kudya phala.