Pedulo ya gitala siigulidwa ndi maso

Katunduyo adafika pa basi ya ku Joni Lachisanu madzulo, atakulungidwa m'jekete pakati pa mabulangete ndi zigubu za mafuta ophikira.

Mphwanga, yemwe amaimba gitala yamagetsi m'bandi ya achinyamata kumpingo kwathu, sadaone tulo usiku umenewo. Kwa miyezi isanu adakhala akuwavutitsa amalume pafoni kuti amugulire pedulo, kachipangizo koponda ndi phazi komwe woimba amasinthira kamvekedwe ka gitala manja ali pansambo.

Loweruka kokonzekera nyimbo anzake onse adamuunjirira. Iye adalowetsa waya wa peduloyo m'bokosi lake losinthira mawu, n'kuponda. Kudali zii. Adapitiriza kuponda pang'onopang'ono, ndipo phazi litatsala pang'ono kufika pansi, mawu adangotulukira kamodzin'kamodzi mpaka mayi wina yemwe amasesa m'tchalitchimo adataya tsache. Pakati pa bata ndi chiphokosocho padalibe kanthu.

Pedulo idali yatsopano, yolemera bwino, ya kampani yodziwika. Mtengo wake sudasiyane kwenikweni ndi wa thumba la feteleza. Komanso idalibe chilema chilichonse. Olakwa tidali ife eni. Amalume atafunsidwa m'sitolo kuti chipangizocho chikukagwira ntchito ndi chiyani, adayankha kuti ndi gitala. Sadaname, koma funsolo limafuna dzina la bokosi, ndipo ife sitidawauze.

Nkhaniyi si ya banja lathu lokha. M'matauni ngati Mponela, Ntcheu kapena Luchenza, mipingo ndi magulu a achinyamata amasonkherana ndalama za zida zoimbira. Zambiri mwa zidazi zimabwera kudzera mwa abale omwe ali kunja, apo ayi zimagulidwa kwa munthu amene wazigwiritsapo kale ntchito. Chikakana kugwira, palibe wobwerera nacho ku Johannesburg kukasinthitsa. Chimangokhala m'kabati ya kuvesitili, uku anthu akunong'onezana kuti anyamata adadya ndalama.

Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti pali mapedulo amitundu itatu ofanana ngati mapasa. Onse amapendama kutsogolo ndi kumbuyo ngati chopondera cha makina a telala pakhonde la sitolo.

Pali ya voliyumu. Mawu a gitala amadutsa m'kati mwake, n'chifukwa chake ili ndi bowo lolowera, lolembedwa IN, ndi lotulukira, lolembedwa OUT. Palinso ya wah, yomwe imadutsanso mawu koma imawapinda kuti azimveka ngati khanda likulira kuti uwaa, uwaa. Iyi imafuna batire ya 9V kapena adaputa.

Yachitatu, yomwe oimba amaitcha expression, ndiyo idabwera m'jekete ija. Mawu a gitala sadutsamo m'pang'ono pomwe. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuuza bokosi losinthira mawu kuti phazi lili pati. Ili ngati chopondera moto cha galimoto, chomwe pachokha sichingayendetse munthu popanda injini. Bokosi ndilo limasankha chochita ndi uthengawo, kaya kukweza mawu, kupanga wah, kuchulukitsa kubwereza kwa mawu kapena kukweza liwu la nsambo m'mwamba ngati mmene imachitira Whammy, pedulo yomwe kampani ya DigiTech idatulutsa mu 1989.

Dzina loti expression lidachokera m'tchalitchi momwemo. Mu 1712, mmisiri wina wa ku England, Abraham Jordan, adapanga ogani ya m'tchalitchi cha St Magnus the Martyr ku London yomwe ina mwa mipope yake adaitsekera m'bokosi lokhala ndi chitseko. Woimba akaponda, chitseko chimatseguka ndipo mawu amakula. Akabweza phazi, mawu amazilala. Manja onse awiri amakhala otanganidwa, ndiye ntchito yopatsa nyimbo moyo idapita kuphazi.

Gitala idatengera komweko. Mu 1966, Brad Plunkett, injiniya wa kampani ya Thomas Organ ku California, adaika timawaya tosinthira mawu m'chikombole cha pedulo ya ogani ya Vox, ndipo chaka chotsatira wah idalowa m'masitolo. Jimi Hendrix adaimveketsa m'nyimbo ya Voodoo Child mu 1968, ndipo mu 1971 Charles Pitts adaiponda m'nyimbo ya filimu ya Shaft ya Isaac Hayes. Akuluakulu omwe adakula akumvera nyimbo za ku Zambia za m'ma 1970 akukumbukira kulira komweko m'magitala a magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Okonda rege adakumva m'gitala ya Peter Tosh.

Kumpingo kwathu mphwanga sadali kufuna kukhala Hendrix. Chomwe amalakalaka n'chakuti nthawi ya pemphero azikhudza nsambo mawu atatsekedwa, kenako n'kuwatsegula ndi phazi mwakachetechete kuti gitala ilowe ngati ogani, popanda kudzidzimutsa munthu. Pedulo yodumpha kuchoka pa zii kufika pa chiphokoso siingachite zimenezi.

Nanga chidavuta n'chiyani?

Mukatsegula pedulo ya expression mupezamo zochepa zedi. Muli kachipangizo kozungulira kofanana ndi kokwezera voliyumu pawailesi zakale, komwe amisiri amakatcha pot, ndi mawaya atatu. Waya woyamba umabweretsa timagetsi tochepa kuchokera m'bokosi, wachiwiri umabweza gawo la timagetsito malinga ndi pomwe phazi lafika, ndipo wachitatu ndi wa efi.

Mawayawa amathera papulagi ya mamilimita 6.35. Tengani pulagi ya waya wamba wa gitala muiyang'anitsitse: ili ndi kamzere kakuda kamodzi, ndipo imatchedwa TS. Ya pedulo ya expression nthawi zambiri imakhala ndi timizere tiwiri ngati ya mahedifoni, ndipo imatchedwa TRS. Timizereti timagawa pulagi patatu: nsonga, mphete ndi thunthu.

Apa m'pomwe pagona nkhani. Makampani sadagwirizanepo kuti waya wobweza uthenga uzikhala pati. Roland, yomwe ndi mwini wake wa Boss, imauika pansonga, ndipo mabokosi ambiri a gitala amatsata njira imeneyi. Yamaha, pa pedulo yake ya FC7 yomwe ndi yotchuka pamakiyibodi, imauika pamphete. Mabokosi ambiri a Line 6 nawo ali ndi njira yawoyawo: amafuna waya wamba wa kamzere kamodzi. Pulagi imalowa bwinobwino m'bowo lililonse, koma mawayawo akatembenuka pedulo imachita zomwe idachita Loweruka lija. Ina imangogwira kumapeto, ina siigwira n'komwe.

Kusiyana kwina kuli pa kukula kwa pot, komwe kumayezedwa m'ma-ohm. Roland EV-5 ili ndi ya 10,000, yolembedwa 10k, pamene Yamaha FC7 ili ndi ya 50k. Mabokosi ena salabadira kusiyanaku, koma ena amayankha theka la ulendo wa phazi basi, kwinako n'kungokhala duu.

Choncho musanaimbe foni ku Joni, tembenuzani bokosi lanu. Pezani bowo lolembedwa EXP, CTL/EXP kapena CONTROL IN. Ngati palibe, pedulo ya expression ilibe polowera, ndipo chomwe mukufuna ndi ya voliyumu kapena ya wah. Ngati lilipo, lembani dzina la kampani ndi nambala ya bokosilo, lijambuleni kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zithunzizo muwatumizire okagulawo pa WhatsApp kuti akamuonetse wogulitsa. Kabuku ka malangizo a bokosi nthawi zambiri kamatchula pedulo yomwe kampani idayesa, ndipo timabukuti timapezeka mwaulere pa intaneti ngakhale ta zida zakale.

Kwa bandi ya mpingo, komwe chida chimodzi chimayenda m'manja ambiri, ine ndingasankhe pedulo yokhala ndi kaswitchi kotembenuzira mawaya aja. M-Audio EX-P ndi Moog EP-3 zili nako. Lero ithandiza wa gitala, mawa wa kiyibodi, ndipo bokosi likafa mukagula la kampani ina pedulo siitayidwa.

Ofuna ya voliyumu asamalenso ndi nambala. Gitala wamba, yopanda batire m'kati, imafuna pedulo ya nambala yaikulu monga 250k ikamalumikizidwa mwachindunji. Ya 25k ndi ya gitala yokhala ndi batire, kapena yoika pambuyo pa bokosi. Mukasemphanitsa, gitala imamveka ngati mwaifunditsa bulangete. Ernie Ball imapanga zonse ziwiri ndipo kunja zimafanana kwambiri. Boss nayo ili ndi FV-500H ya gitala ndi FV-500L ya kiyibodi, ndipo zonsezi zili ndi bowo la EXP, kutanthauza kuti zingagwire ntchito ziwiri.

Za thupi la pedulo, lingalirani mmene imayendera. Ya pulasitiki ngati EV-5 ndi yopepuka ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, koma waya wake ndi womatirira, kotero ukaduka pamafunika mmisiri. Yachitsulo ngati Boss EV-30 imapirira kukwera pamwamba pa minibasi kapena pakaliyala ya kabaza popita kuukwati, ndipo waya wake ndi wozula. Phazi la mwini wake nalonso liyankhulepo. Timapedulo tating'ono tokwana m'thumba la gitala n'tokongola, koma munthu wovala nsapato saizi 10 amavutika kuimitsa phazi pakati.

Mdani wamkulu kuno kwathu ndi fumbi. Likalowa mu pot, pedulo ya voliyumu kapena ya wah imayamba kukhwekhwereza m'masipika ngati wailesi yotha, pamene ya expression imayamba kudumphadumpha. Pogula yakale, iyeseni ndi bokosi lanu lenileni, osati la wogulitsa. Pondani pang'onopang'ono kuchokera kuchidendene mpaka kuzala, muchotse phazi pakati muone ngati ikuima yokha. Mankhwala opopera otsukira zamagetsi amathandiza, koma mafuta a makina kapena a galimoto amangoitana fumbi lina. Kampani ya Morley imapanga mapedulo a wah ndi voliyumu ogwiritsa ntchito kuwala m'malo mwa pot, omwe sakhwekhwereza motero, kungoti amafuna batire kapena adaputa.

Ubwino wa pedulo wamba ya expression ndi wakuti siifuna magetsi akeake. Bokosi ndilo limafuna, ndipo apa mpofunika maso. Magetsi athu ndi a 230V, choncho adaputa ya ku America yolembedwa 120V yokha imapsa ikangolowa pakhoma. Kubwereka adaputa ya kiyibodi nako kwaphetsa mabokosi, chifukwa ina imatulutsa 12V pamene mabokosi ambiri a gitala amafuna 9V, ndipo mawaya ake amakhala otembenuka.

Pali funso lina lomwe ife tidayenera kudzifunsa pachiyambi pomwe. Ngati woimba alibe bokosi, kapena lomwe ali nalo latopa, bwanji osagula lokhala ndi pedulo yake kale? Zoom G1X Four ndi Boss GT-1 ndi zitsanzo. Onsewa amatha kuyendera mabatire anayi a AA, zomwe zimathandiza komwe magetsi amazimazima, ngakhale ampulifaya idzafunabe jenereta kapena sola. Nkhani ya nsonga ndi mphete siibukanso. Ndimaona kuti kwa wophunzira iyi ndiyo njira yosaika ndalama pachiswe.

Pomaliza pake, mabokosi ambiri amafuna kuphunzitsidwa pedulo yatsopano, zomwe m'timabuku amazitcha calibration. Umaponda chidendene mpaka pansi n'kudina batani, kenako zala mpaka pansi n'kudinanso. Mapedulo ena omwe anthu amati ndi akufa amangofuna zimenezi.

Yathu ija tidapita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi ndi mafoni kuseri kwa msika. Sadaonepo pedulo ya gitala chibadwire, koma titamufotokozera za mawaya atatu aja adamwetulira, n'kunena kuti imeneyo ndi voliyumu chabe. Adayeza ndi mita yake, adadula pulagi, adasinthanitsa waya wa nsonga ndi wa mphete, n'kuwotcherera pulagi ina. Ntchito yonse siidakwane mphindi makumi atatu, ndipo adatilipiritsa ndalama yosaposa ya mbale ya tchipisi.

Tidachita mwayi kuti bokosi la mphwanga silidakane kukula kwa pot. Lamulungu lotsatira, abusa akupemphera, gitala idalowa mwakachetechete moti amayi ena adatembenukira kwa mnyamata wa kiyibodi, yemwe manja ake adali pamiyendo.

Amayi adasoka kathumba ka chitenje kosungiramo peduloyo kuopa fumbi. Amalume mpaka lero sitidawauze kuti pulagi ya mphatso yawo idadulidwa patangotha masiku anayi ifikire.